Chibwenzi cha a Gapsu cha M'matope

A Myong Gapsu si mbadwa ya kuno ku Sadung, ngakhale masiku ano amakoka mawu poyankhula ngati ife tomwe. Kwawo n'kumapiri, kumene nsomba imafika itauma kale ngati khungwa. Adabwera ali mnyamata ndi gulu lomanga khoma lotchinga nyanja. Khomalo litatha anzawo adakwera bwato n'kumapita, koma iwo adatsalira chifukwa cha Okbun, mwana wa a Chon, amene lero tonse timangowatchula kuti amake Boram.

Chidawapachika ndi tsiku lokaonekera kwa apongozi. A Chon sadafunse za makolo kapena za munda. Adangovundukula mtsuko, n'kutulutsa hong'o, nsomba ya m'nyanja imene timaivunditsa dala, amene adagona m'mapesi a mpunga mpaka kufika pake penipeni, n'kudula mphuno ya nsombayo, kumene kumakhala ukali wonse, n'kumuikira mnyamatayo patsogolo. Ife hong'o timakula naye, ndipo ukwati kapena maliro akakhala opanda nsomba imeneyi anthu amabwerako akung'ung'udza njira yonse. Koma kwa munthu wa kumapiri fungo lake ndi la chimbudzi cha padoko m'nyengo yotentha.

Gapsu adaponya m'kamwa n'kutafuna. Mpweya udakwera m'mphuno ngati moto, m'kamwa mudasupuka, misozi chuchuchu.

"Bwanjinso mnyamata iwe, ukulira?" adafunsa a Chon.

Pakhomo la khitchini Okbun, amene adakonza nsombayo ndi manja ake, anali akusuzumira. Gapsu adamuona.

"Kukomatu, bambo. Chibadwire sindinadyepo chinthu chokoma chonchi."

Bodza limenelo lidawapatsa mkazi. Lidawapatsanso mbiri, poti mudzi wonse udamva kuti a Chon apeza mkamwini amene amalira ndi kukoma kwa hong'o wa mwana wawo. Amake Boram, amene si okongola kwenikweni ndiponso saimba, adapeza pamenepo chonyadira cha moyo wawo wonse. Akakangana ndi mayi mnzawo ankangoti, "Kodi amuna anu adalirapo ndi zophika zanu?" ndipo nkhani inkathera pompo. Pachikondwerero chilichonse, patsiku lokumbukira makolo, ngakhale a Gapsu akangotsokomola, mtsuko unkavundukulidwa, ndipo mphuno inkapita m'mbale ya bambo a m'nyumba.

Ntchito ya a Gapsu zaka zonsezi yakhala kuyendetsa kathirakitala kokoka ngolo. Kuno madzi a m'nyanja amaphwa ndi kubwerera tsiku lililonse, ndiye akaphwa a Gapsu amanyamula amayi ndi makasu awo afupiafupi kukawatula kutali kumatope, kumene amakumba nkhono za zigoba ziwiri. Iwo amaimika kathirakitala pa nsungwi yozikidwa imene imasonyeza polekezera nthaka yolimba, n'kumadikira mpaka madzi ayambe kubwerera. Ndi ntchito ya munthu wofatsa, ndipo a Gapsu ndi ofatsa mpaka agalu a m'mudzi sawadzukira panjira.

Njira yopulumukira adaipeza movutikira. Pamaso pa anthu ankadya chidutswa chimodzi, kulira monga mwa mwambo, kenako n'kunena kuti chinthu chokoma chotere sachidyera paphokoso, achipakire m'bakuli akadyere kumatope mawa ali phee. Poyamba adayesa kupatsa galu. Galuyo adanunkhiza, n'kuwayang'ana m'maso, n'kuchokapo. Adayesa kuponya m'nyanja, koma madzi adabweza chidutswacho n'kuchisiya pafupi ndi khoma. Adayesa mbalame za kunyanja, imodzi n'kukagwetsa nyamayo pafupi ndi mapazi a amayi akukumba, ndipo tsiku limenelo a Gapsu adatuluka thukuta m'nyengo yachisanu.

Zidawapulumutsa ndi nkhono zina zing'onozing'ono za chigoba chimodzi, zosaposa chikhadabo, zimene amayi sazitola n'komwe poti mulibe chodya. Tsiku lina adakanikizira hong'o m'kachithaphwi patsinde pa nsungwi ija n'kukhala pansi. Matope amene ankaoneka opanda chamoyo adayamba kutukuka. Apa kachitamba kadatulukira, kakugwedera uku ndi uku ngati kakufunsa njira, apo kena, apo kenanso. Kenako nkhono zenizenizo zidavumbuluka zitasenza matope kumsana, n'kuyamba ulendo, zonse kulunjika malo amodzi, zikusiya timizere tosalala m'mbuyo. Zidakwerana, zidagubuduzana, iliyonse itatulutsa kamlomo kake katali n'kukalowetsa m'nyamayo. Pamene amayi ankabwerera ndi matumba awo padali patangotsala kachichereche koyera.

M'kupita kwa zaka a Gapsu adazidziwa nkhonozo kuposa abale awo a kumapiri. Adaona kuti zoyamba kufika ndi za kumunsi kumene timadzi tikuyenderera, poti fungo limapita ndi madzi, pamene za kumtunda zimatha kugona ndi njala chakudya chili pafupi. Adaona kuti kankhanu kamoyo zimakalambalala, koma kakangofa kapena kuthyoka mwendo zimakakhamukira. Tsiku lina adaponda imodzi mwangozi ndi gambuti, zinzake zonse zidasiya kudya n'kudzikwirira, ndipo hong'o adatsala pamtunda ali wathunthu, kuwaneneza. Kuyambira pamenepo ankafika pa nsungwipo monyang'ama ndipo ankagwada poika chakudyacho. Ankazilankhulanso, poti munthu wodikira madzi amalankhula ndi chilichonse. Koma sankazikonda. Akaziona zikulimbirana nsomba imene mkazi wawo adaitsuka, kuiyala m'mapesi ndi kuitembenuza ndi zala zotupa ndi nyamakazi, ankayang'ana kumbali ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wobera limodzi pamaliro.

Amene adawagwira ndi a Malsun, mayi wamasiye amene nyumba yawo ili pamphambano ndipo zenera lake silitsekedwa. Tsiku limenelo msana udawavuta, adasiya kukumba msanga n'kubwerera okha kungolo. Atazungulira kumbuyo kwake adaona a Gapsu atagwada patsinde pa nsungwi, bakuli lili lotsekula, akuika chakudya m'matope ndi manja awiri, milomo ikugwedera, misozi ili kutsika. Misoziyo inali ya fungo la bakuli lotsekeredwa usiku wonse, koma a Malsun analibe nthawi yofufuza zimenezo.

Kuno aliyense amadziwa kuti wofera m'nyanja alibe manda, ndiye chakudya chake timakamuikira kumatope titagwada, madzi akabwera amutengere. Koma a Gapsu, munthu wa kumapiri, m'bale wawo wofera m'nyanja angamutenge kuti? Ndipo akadakhala m'bale, bwenzi akubisiranji?

Dzuwa lisanalowe a Malsun anali atakhala kale pakhonde la amake Boram, akuwathandiza kusenda adyo.

"Achemwali, inetu za anthu sindizikonda, mukudziwa."

"Nenani, a Malsun, adyoyo mukumuonongatu."

"Ayi, ndangoti ndifunse. Hong'o amene mumawapakira bambo a Boram uja, mudawaonapo akudya?"

Mlungu usanathe mudzi unali utagamula kuti ndi chibwenzi chobisika chimene chidafera m'nyanja, ndipo mkazi wakufayo anali kale ndi nkhope. Ena ankati ankagulitsa tiyi padoko, wamilomo yofiira. Ena ankati ayi, ankaphikira gulu lomanga khoma lija ndipo adadziponya m'madzi atamva za ukwati. A Malsun, amene sadamuonepo, ankakumbukira bwinobwino kuti anali ndi kadontho pansi pa diso.

A Gapsu nkhaniyo adaimva komaliza, monga zimakhalira ndi mwini nkhani. Adaimvera pabenchi la pagolosale, pamene a Pandol, msodzi wopuma ntchito amene akhala akumwa nawo mowa wa mpunga kuyambira unyamata, adawasunthira malo n'kuwathirira kapu asanapemphe.

"Akulu, khalani apa. Khalani pabwino. Ife timayesa tikukhala ndi nkhosa, kani ndi munthu woopsa!"

"Mukutanthauzanji, a Pandol?"

"Iii, musatipusitse. Wa kadontho uja. Zaka zonsezi osatiuza? Ine ndinkakuuzani zanga zonse, mpaka zija za kutauni."

"Palibe zotero."

"Eee, akutero! Ndiye amuna enieni amenewo. Wina akadakhala atalengeza kale pa chimkuzamawu cha mudzi."

Apa ndi pamene a Gapsu adayenera kunena zoona, ndipo pakamwa adatsekula ndithu. Koma kunena kuti palibe mkazi kunkafuna kuti anenenso chimene ankachita atagwada pa nsungwipo, ndipo mawa lake mudzi wonse ukadadziwa kuti hong'o wa amake Boram amadyedwa ndi nkhono. Adatseka pakamwapo ndi kapu. Choipa n'chakuti mowawo udawakomera. Chikhalire pabenchipo palibe adawayang'anapo ndi maso amene achinyamata adawayang'ana nawo tsikulo, ndipo pobwerera kunyumba adadzipeza akuyenda atatulutsa chifuwa. Atazindikira adachibweza msanga mwamanyazi.

Kunyumba amake Boram sadafunse kanthu. Ankaika chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini ataimirira. M'ngolo adasiya kukhala kutsogolo pafupi ndi amuna awo, ankakhala kumbuyo kwenikweni atayang'ana kumene akuchokera. Chikondwerero cha zokolola chidafika, Boram adabwera kuchokera kumzinda ndi ana ake, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane mtsuko sudavundukulidwe. A Gapsu adadya makeke a mpunga, mapeyala, nyama yowotcha, m'kamwa muli bwinobwino, popanda bakuli lowadikira mawa. Sadadyepo phwando mwamtendere chomwecho. Atakhuta adakakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi mitsuko, osafuna kuonana ndi munthu, poti adadziwa kuti mtendere umenewo aulipira ndi mtima wa mkazi wawo.

Ankati anena zoona mawa. Mawa likafika ankaona nkhope ya mayiyo n'kuganiza kuti mwa mabala awiriwo, mwina la chibwenzi ndi laling'ono.

Ndiye m'mawa wina, patsiku limene matope amatsekedwa kuti nkhono zipume ndipo palibe amene amakumba, amake Boram adatuluka atavala malaya awo a pamwambo, magambuti kumapazi, atanyamula katebulo kakang'ono ndi mtolo womanga pansalu.

"Bambo a Boram, lizani chithirakitala chanucho."

"Lero? Lerotu kulibe kukumba."

"Ndati lizani."

Phokoso la kathirakitala patsiku lotseka lidatulutsa mudzi wonse. Pamene ankatsikira kumatope, pakhoma panali patayamba kale kundanda amayi, a Malsun ali patsogolo atatchinga dzuwa ndi dzanja.

Atafika pa nsungwi amake Boram adaimika katebulo pamatope, n'kumasula mtolo. Adayala mpunga, msuzi, zipatso zodulidwa pamwamba monga timachitira popereka kwa akufa, kabotolo ka mowa, ndipo pakati adaika mbale ya hong'o, mphuno ili pamwamba. Mtsuko adauvundukula mwakachetechete amuna awo osadziwa.

"Dzina lake ndani?" adafunsa osawayang'ana.

"Amake Boram…"

"Munthu saitanidwa kuchakudya popanda dzina. Kukwiya ndakwiya, mpaka ndatopa nako. Kenako ndimaganiza, mnzangayu analibe mwana, alibe manda, alibe womukumbuka koma nkhalamba yopusa imodzi. Zaka zonsezi wakhala akudya zotsala za m'bakuli, mobisa, ngati galu wa eni. Ine sindine munthu wotero. Adye kamodzi patebulo ngati munthu. Tchulani dzina."

A Gapsu akadakonda mayiyo akadawamenya ndi khasu. Adayang'ana katebulo, zipatso zosankhidwa bwino, zala zokhota zija zikukonza timitengo todyera kuti tiyang'ane kunyanja.

"Kulibe mkazi."

"Musandichititse manyazi kawiri. Ndabwera kale."

"Kulibe, amake Boram. Sadakhaleko n'komwe. Taonani."

Adatenga kachidutswa kakang'ono m'mphepete mwa mbale n'kukakanikizira m'kachithaphwi. Kwa kanthawi sipadachitike kanthu, ndipo a Gapsu adapemphera kuti nkhonozo zisawakane lero lokha. Kenako matope adatukuka. Tizitamba tidatulukira, tikugwedera. Zidabwera zochokera kumunsi poyamba, zonenepa kuposa nkhono zina zonse za m'matope a Sadung, zikuyenda ngati anthu odziwa pakhomo.

"Ndi awa," adatero a Gapsu ndi mawu a mwana. "Ine hong'o sindimutha. Amandiwotcha m'kamwa. Fungo lake limandidwalitsa."

Amake Boram adayang'ana nkhonozo zikukwerana pa kachidutswako. Adaziyang'ana nthawi yaitali.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lija kwa bambo anu."

"Misozi ija?"

"Inali ya ululu."

"Mukudziwa," adatero mayiyo pang'onopang'ono, "kwathu ndili mtsikana mphuno ndinkalimbirana ndi achimwene anga mpaka kukandana. Chikwatiwire sindinailawe. Ndinkati ndi ya bambo a Boram, amaikonda mpaka kulira. Ndinkanyambita mpeni basi." Adaloza pansi ndi chibwano. "Kani ndinkanenepetsa izi."

"Ndikhululukireni."

"Wakufa uja ndidamukhululukira kale, poti ndimati munthu anali ndi pakamwa, ankamva kukoma. Izi zimadya ndi nkhanu yoola yomwe. Sizisiyanitsa."

A Gapsu adafuna kunena kuti nkhonozo hong'o zimamuthamangira kuposa nkhanu, koma mwamwayi nzeru zidawafikira nthawi yake.

Amake Boram adatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Anthu anali atachuluka, amuna a pabenchi nawonso atafika, ena atakwera pa mulu wa maukonde kuti aone bwino. Adakonza malaya awo.

"Gwadani."

"Mwati?"

"Gwadani ndithu. Kawiri, mphumi ifike pansi, monga timachitira kwa akufa. Akutionatu."

"Koma ndigwadire ndani? Ndikupita kukawauza zoona, a Pandol ndi onse, dzina lanu liyere."

"Dzina langa liyere? Mukawauze kuti hong'o wa mwana wa a Chon, amene ndanyozera naye mudzi wonse, mwamuna wake amakataya kumatope? A Malsun afe ndi chimwemwe? Amuna a zibwenzi ali m'nyumba iliyonse pakhomapo, zimenezo n'zopirika. Gwadani, bambo a Boram, madzi abwera."

A Gapsu adagwada. Adagunditsa mphumi m'matope kawiri pamaso pa nkhono, zimene sizidasiye kudya. Amake Boram adathira mowa m'kapu n'kuwaza pansi katatu mwaulemu wonse, ndipo akuti pakhoma amayi ena adapukuta m'maso poona mtima wa mayi ameneyu. Mwambo utatha, poti chakudya cha nsembe amadya ndi eni ake, adakhala pa ngolo, adatenga mphuno ija ndi zala n'kuidya yonse okha, pang'onopang'ono, osapatsako munthu, amuna awo ataima poteropo ndi matope pamphumi.

Pobwerera adakhala pakati pa ngolo, osati kutsogolo, osatinso kumbuyo. Atafika pakhoma a Malsun adawathamangira n'kuwagwira dzanja.

"Achemwali, ndinu munthu wa Mulungu. Ndiye dzina lake anakuuzani?"

"Anandiuza."

"Ndani?"

"Za akufa sitinena pamsewu, a Malsun. Kadontho kokha kaja mudalakwitsa, kanali ku diso linalo."

Nsembe ukaiyamba suisiya, choncho chaka chilichonse patsikulo kathirakitala kamatsikira kumatope ndi katebulo, a Gapsu amagwada, amake Boram amadya mphuno. Kunyumba adabwerera kudyera patebulo limodzi, kungoti mbale iliyonse imene aika amafunsa kaye, "Izi mumadya, kapena ndikawapatse azibwenzi anu?" ndipo a Gapsu amayankha zoona, atayang'ana pansi. Hong'o sawapatsanso. Amake Boram adauza mudzi wonse kuti chimenecho ndicho chilango: munthu amene ankagawira chibwenzi nsomba ya m'nyumba sadzailawanso mpaka kufa.

Anthu adaona kuti chilangocho chaposa mlandu. Mwamuna wolira ndi kukoma kwa hong'o, kum'mana mpaka kufa! Ndiye masiku ano paukwati uliwonse pamapezeka wachifundo amene amawakodola a Gapsu kuseri kwa tenti. Kawirikawiri amakhala a Pandol, atafumbata kanthu m'kapepala, akuyang'ana uku ndi uku.

"Akulu, fulumirani, akazi anu ali kukhitchini. Ndakubisirani mphuno. Si wofika pa wa kwanu, koma bola."

"A Pandol, musadzivutitse chonchi."

"Kuvutika kwanji? Ubwenzi ndi umenewu. Idyani, ine ndikuyang'anirani njira."

Ndipo a Pandol sachokapo. Amaima pomwepo, nkhope yodzaza chisoni, mpaka a Gapsu ameze.